Mozi, Xunzi ndi Maliro a ku Thuchila

Pakati pa zolembedwa za Mozi, mphunzitsi wa ku China wa m'zaka za m'ma 400 Kristu asanabadwe, pali mutu umodzi umene wansembe wotumikira kumidzi angauŵerenge ngati wolembedwa dzulo. Nkhani yake ndi ya kuchepetsa zoonongeka pa maliro. Mozi akudzudzula akuluakulu amene ankakwirira chuma, zovala ndi akavalo pamodzi ndi mtembo, nakhala zaka zitatu akulira osagwira ntchito. Kwa iye bokosi la matabwa wamba ndi nsalu zitatu nzokwanira. Manda asafike pamadzi, komanso asakhale osaya mpaka kutulutsa fungo, ndipo anthu akachoka kumanda abwerere kuntchito zao.

Tikayang'ana m'midzi ya ku Thuchila, m'boma la Mulanje, sitingamtsutse msanga munthuyu. Ofedwa amadyetsa mudzi wonse masiku aŵiri kapena atatu, bokosi amatenga pangongole, ndipo chimanga ndi nandolo zimene zikanawafikitsa mu Januwale zimatha sabata imodzi. Kutsogolo kukudikira sadaka, kenaka chiliza cha simenti. Si kamodzi taona fizi ya mwana ikuthera kumanda.

Komabe mfundo za Mozi zili ndi chilema, ndipo anzake a ku China komweko anachiona kale. Muyeso wake ndi umodzi wokha: kodi chinthuchi chikuonjezera chuma, anthu ndi bata m'dziko? Chisoni cha mwana wamasiye sichikwana pa sikelo yotere. Mencius, wotsata Confucius, anayankha ndi fanizo la anthu akalekale amene ankataya makolo ao m'dzenje osawakwirira. Tsiku lina podutsa anaona nkhandwe zikudya mtembo, thukuta linawatuluka pamphumi, nathamangira kukatenga makasu. Thukutalo, anatero Mencius, silinatuluke kuti ena aone ai, linachokera mumtima. Xunzi, amene anadza pambuyo pake, anapitiriza: mwambo uli ngati ngalande, umapatsa chisoni njira yoyendamo kuti chisasefukire, komanso kuti chisaume msanga.

Ife tikuima ndi Xunzi pamenepa, ndipo umboni wathu ndi woŵaŵa. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Mulanje, anthu ambiri a m'maboma a Mulanje ndi Phalombe anakokoloka ndipo ena sanapezeke konse. Mabanja ao sanagule bokosi, sanaitane adzukulu. Mwa kuŵerengera kwa Mozi, amenewo sanaononge kanthu. Koma aliyense amene anakhala nawo pansi akudziŵa kuti kusoŵa manda oti nkulozako kunali bala lachiŵiri pamwamba pa imfa.

Tsono apa mpamene nkhaniyi imakhota, ndipo abale athu a m'seminale achenjere. Mozi, wodana ndi maliro odula uja, ndiye amene ankakhulupirira kuti mizimu ilipo, imaona, imalanga ndi kudalitsa. Ankaseka otsata Confucius kuti kupereka nsembe kwa mizimu imene suikhulupirira kuli ngati kutchera ukonde m'madzi opanda nsomba. Xunzi, mtetezi wa mwambo, sankaganiza kuti wakufa amadya nsembe. Kwa iye munthu wophunzira amaona nsembe ngati ulemu ndi chikumbutso, anthu wamba okha ndiwo amayesa kuti akutumikira mizimu.

Maganizo ofanana ndi a Xunzi ndiwo anathandiza Bambo Matteo Ricci, m'Jezuiti amene anamwalira ku Beijing mu 1610, kunena kuti kulemekeza makolo ndi Confucius ndi mwambo wa dziko chabe, osati chipembedzo. Roma inakana mu 1704 ndi mu 1715, ndipo Papa Benedict XIV anatseka nkhaniyo mu 1742. Mu 1939, pansi pa Papa Pius XII, chilolezo chinaperekedwa, pa chifukwa chakuti miyamboyo inali itasanduka ya ulemu chabe. Timamva kaŵirikaŵiri ophunzira athu akutchula 1939 ngati kuti chigamulocho chinamasuliratu nsembe za Alomwe ndi Amang'anja. Sichinatero. Gogo wothira ufa patsinde pa mtengo wa mpoza sakuchita chikumbutso chabe. Akulankhula ndi amake, ndipo akuyembekeza yankho. Pa chikhulupiriro iye ali kumbali ya Mozi, pa mwambo ali kumbali ya Xunzi, ndipo palibe mmodzi mwa aŵiriwo amene angamlandire wathunthu.

China wa masiku ano nayenso sanathe mkanganowu. Mu 1956 Mao Zedong ndi atsogoleri anzake anasaina chikalata chovomera kuti mitembo yao idzatenthedwe, pofuna kusunga nthaka ndi matabwa. Koma Mao atamwalira mu 1976, mtembo wake anaukonza nausunga m'nyumba yaikulu pa bwalo la Tiananmen, kumene anthu amaima pamzere kukauona.

Eklezia ali ndi mau amene Mozi ndi Xunzi analibe, ndiwo kuyanjana kwa oyera. Sitiyenera kuuza gogo uja kuti amake sakumva, pakuti timaphunzitsa kuti akufa mwa Kristu ali moyo, timawapempherera ndipo oyera amatipempherera. Chimene tiyenera kukambirana naye ndi mantha: kodi chiliza chikumangidwa chifukwa cha chikondi, kapena poopa kuti malemu adwalitsa mdzukulu? Funso limeneli silingayankhidwe pa guwa tsiku la maliro, anthu akulira. Malo ake ndi kumphakati, miyezi isanafike ya sadaka, kumene mkhristu angafunse mnzake mtengo wa simenti popanda wina kuchita manyazi, ndi kumene maina a otayika mu 2023 angalembedwe kuti adzaŵerengedwe pa Misa ya pa 2 Novembala.