Gawo 146 ndi Mwana wa ku Nathenje

M'malamulo oyendetsera dziko lino, amene tidayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, muli gawo lina lalifupi limene silimveka kawirikawiri pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Limeneli ndi gawo 146, lolongosola ntchito za makhonsolo. Mukaliwerenga lonse simupezamo sukulu, simupezamo mphunzitsi, ngakhale mwana sadamutchule mwachindunji. Komabe gawo lomweli ndilo limayankha funso limene kholo la ku Nathenje kapena ku Mitundu limakhala nalo chimbudzi cha pasukulu chikagwa ndi mvula ya mu Januwale: nkhani imeneyi tikaitule kwa yani?

Nathenje ili pa msewu wa M1 wopita ku Dedza, pafupi ndithu ndi mzinda wa Lilongwe. Kuyandikana kumeneku kumasokoneza ambiri, moti amaganiza kuti mwini sukulu ndi unduna umene uli ku Capital Hill. Koma Nathenje ndi Mitundu zili pansi pa khonsolo ya boma la Lilongwe, osati ya mzinda, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti dera la khonsolo imeneyi lili ndi anthu oposa 1.6 miliyoni. N'chifukwa chake ndi bwino kuti tiliwerenge gawoli mwachifatse, ndime ndi ndime.

Ndime yoyamba ndi yaifupi. Ikuti m'dziko muno mudzakhala makhonsolo, ndipo mphamvu zawo zidzachokera m'malamulo aakuluwa ndi m'malamulo opangidwa ku Nyumba ya Malamulo. Chiganizocho ndi cholamula. Sichikusiyira nduna kapena mtsogoleri wa dziko ufulu wosankha ngati makhonsolo akhalepo kapena ayi. Mbiri yathu ikusonyeza kuti lamulo lomveka bwino chomwechi likhoza kunyalanyazidwa anthu akuona. Makhansala oyamba pa dongosolo latsopanoli adasankhidwa mu Novembala 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo dziko lidakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha pa 20 Meyi 2014. Mwana amene adayamba sitandade 1 ku Nathenje mu 2005, ngati sadabwereze kalasi, adalemba mayeso a sitandade 8 kudera kwawo kulibe khansala woti n'kufunsa za sukulu yake. Maofesi adalipo, bwanamkubwa adalipo, koma munthu wosankhidwa ndi makolo kuti aziyang'anira maofesiwo padalibe.

Mtima wa gawoli uli m'ndime yachiwiri. Isadayambe kundandalika ntchito, ndimeyi ikuika patsogolo zinthu ziwiri: khonsolo iziimira anthu a m'dera lake, ndipo iziona za umoyo ndi ubwino wawo. Amene adalemba sadanene kuti iziimira ovota kapena okhometsedwa msonkho wa pamsika okha, adati anthu. Mtsikana wa zaka 6 amene amakhala pansi pa mtengo, sileti pamwendo, ndi mmodzi wa anthu amenewa. Alibe voti, sangapite ku msonkhano wa khonsolo, ndiye kumuimira kwake kuyenera kuposa kwa munthu wamkulu amene angathe kudziyankhulira yekha.

Dongosolo la mawu m'ndimeyi lilinso ndi phunziro. Kuimira anthu kwabwera poyamba, zomangamanga pambuyo. Ife tidazolowera kuyeza khansala ndi mjigo, mlatho kapena mdadada wa makalasi. Zimenezi n'zofunika, koma lamulo likumuyeza kaye ndi makutu ndi pakamwa: kodi wamva zimene zikuchitika pasukulu, ndipo wakazinena koyenera? Khansala amene sadamangitse kanthu koma wafunsa mu komiti ya maphunziro ya khonsolo chifukwa chimene sukulu ina ili ndi aphunzitsi ochuluka pomwe ya kumudzi kwenikweni ili ndi ochepa, ameneyo wagwira ntchito yoyamba imene gawoli lamupatsa.

Kenaka pakubwera ntchito zinayi. Yoyamba ndi kupititsa patsogolo chitukuko popanga mapulani a m'dera ndi kuwakwaniritsa. Apa ndi pamene chimbudzi chakugwa chija chimayambira ulendo wake. Komiti ya sukulu imakatula nkhani ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu. A VDC amapita nayo ku ADC, ya kwa mfumu yaikulu. Kuchoka kumeneko imayenera kulowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse. Makolo amauzidwa kuti aumbe njerwa, atute mchenga ndi miyala, khonsolo idzabweretsa simenti, malata ndi mmisiri. Aliyense woyenda m'midzi ya kumwera kwa Lilongwe adaonapo uvuni wa njerwa pafupi ndi sukulu utamera udzu pamwamba, chifukwa mbali ya makolo idatheka koma mbali inayo sidafike. Ndimeyi sikulola zimenezi, pakuti kupanga pulani ndi kuikwaniritsa yaziika pamodzi m'chiganizo chimodzi.

Ntchito yachiwiri ndi imene anthu saidziwa kwenikweni. Khonsolo ikuyenera kukapereka mapulaniwo ku boma lalikulu ndi kulidziwitsa za mavuto a m'dera. Apa uthenga ukuchoka pansi kupita pamwamba. Nthawi zambiri timaona khonsolo ngati njira yodzera makalata a unduna opita kwa mphunzitsi wamkulu, koma lamulo likuiona ngati pakamwa pa mudzi. Boma lidadziikira lokha mlingo wakuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60. Ngati mu sitandade 1 ana akupitirira 100, mphunzitsi mmodzi akufuula mpaka mawu kusasa, akumbuyo osaona bolodi, mlangizi wa maphunziro a pulayimale, amene timamutcha PEA, amadziwa, ndipo ofesi ya maphunziro imadziwa. Udindo wa khonsolo ndi kutenga chiwerengero chimenechi n'kukachiika pamaso pa amene amalemba ntchito aphunzitsi ndi kugawa ndalama.

Ntchito yachitatu ndi kulimbikitsa mabungwe a demokalase a m'dera ndi kuonetsetsa kuti anthu akutenga nawo mbali. Ambiri akamva demokalase amaganiza za zipani. Koma kumudzi demokalase imaonekera pa tsiku losankha komiti ya sukulu, pa msonkhano wa PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndiponso pa ntchito ya amayi a Mother Group amene amakalondola mtsikana wosiya sukulu mpaka kwawo. Imaonekeranso pa ndalama za SIG, zimene boma limatumiza ku akaunti ya sukulu kuti ikonzere zinthu malinga ndi pulani yake. Ndalama zikafika, kodi makolo amauzidwa kuti zabwera zingati? Kodi pakhoma la ofesi ya mphunzitsi wamkulu pamamatidwa pepala losonyeza mmene zagwirira ntchito? Komiti imene imangosainira zimene ena akonza kale si imene ndimeyi ikunena, ndipo kuidzutsa ndi ntchito ya khonsolo.

Ntchito yachinayi ndiyo khomo limene sukulu idalowera. Ikuti khonsolo idzagwiranso ntchito zina zimene Nyumba ya Malamulo idzaipatse, kuphatikizapo kulembera obadwa ndi omwalira, ndi kutenga nawo mbali popereka thandizo lofunikira kwa anthu. Kudzera pakhomo limeneli mudalowa lamulo la maboma aang'ono la 1998, limodzi ndi ndondomeko ya Mphamvu ku Anthu ya chaka chomwecho, imene idapereka sukulu za mkombaphala ndi za pulayimale m'manja mwa makhonsolo. Mudalowanso lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, limene lidapatsa makhonsolo udindo woteteza ubwino wa ana a m'dera lawo ndi kusunga kaundula wa ana olumala. Choncho mwana wosamva amene amangokhala pakhomo anzake akupita kusukulu, dzina lake likuyenera kupezeka m'buku la khonsolo.

Malo okhawo amene gawo 146 likuyandikira mwana ndi pa kubadwa kwake. Ntchito yolembera ana lero ikuyendetsedwa ndi National Registration Bureau kudzera m'zipatala ndi m'maofesi a m'maboma, koma kulemera kwake kukugwera onse oteteza ana. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakuluwa kuti mwana akhale aliyense wosafika zaka 18, ndipo ukwati usaloledwe zakazo zisadakwane. Mtsikana wa sitandade 7 akatengedwa kukalowa m'banja, achibale n'kumanena kuti wakula, wogwira ntchito yoteteza ana amafuna chiphaso chobadwira kuti mlandu uyende. Popanda pepala limenelo, zaka za mwana zimasanduka nkhani yokangana pabwalo.

Kufooka kwa gawoli kuli m'ndime yachitatu. Ndimeyi ikuti Nyumba ya Malamulo ionetsetse kuti nkhani za m'dera zizigamulidwa m'dera momwemo, khonsolo ikuyang'anira, koma yawonjezera kuti zimenezi zichitike pamene kuli kotheka. Sidanene kuti woweruza kutheka kwake ndani, ndipo amene wakhala akuweruza ndi yemweyo amene akuyenera kutula mphamvuzo pansi. Mu 2010 malamulo okhudza maboma aang'ono adasinthidwa: aphungu adapatsidwa voti m'makhonsolo, chiwerengero cha mawodi chidachepetsedwa, ndipo mphamvu yosankha bwanamkubwa idapita kwa nduna. Wodi ikakula, khansala mmodzi amakhala ndi sukulu zambiri zoti aziyendere. Mu 2025, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA lidakasuma, khoti lalikulu lidagamula kuti voti ya aphungu m'makhonsolo ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chigamulocho chikusonyeza kuti mawu a m'chigawo chino cha malamulo ali ndi mano ngati wina wawaimirira.

Gawo 146 silingaime lokha popanda gawo 150, limene likulamula boma kuonetsetsa kuti makhonsolo ali ndi chuma chokwanira kugwirira ntchito zawo. Ndondomeko ya 1998 idalonjeza kuti makhonsolo azilandira ndalama zosachepera 5 peresenti ya zimene dziko limatolera, koma makhonsolo akhala akudandaula kuti ndalama zimafika zochepa komanso mochedwa. Zotsatira zake zimagwera kholo. Maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994, pamene chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidati mwana aliyense ayenera kupita kusukulu. Koma thumba la boma likaperewera, sukulu zimatembenukira kwa makolo kuti asonkhe, ndipo mwana wa mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndiye amayamba kujomba. Kusukulu za mkombaphala zinthu n'zovutirapo. Alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, ndipo phala limadalira ufa umene mudzi wasonkha; mwezi wa Febuluwale nkhokwe zikatha, ana nawo amachepa. M'mera mpoyamba, koma poyambira penipenipo ndi pamene pafika thandizo lochepa.

Wina anganene kuti khonsolo yopanda ndalama siyenera kufunsidwa zambiri. Gawoli silikuvomereza maganizo amenewa. Kumanga kumafuna ndalama, koma kuimira anthu, kuyendera sukulu, kuitanitsa lipoti la ofesi ya maphunziro ndi ya chisamaliro cha anthu, ndi kukanena ku boma lalikulu kuti ndalama sizikukwana, zonsezi zili m'manja mwa khonsolo lero lino. Kusowa kwa ndalama ndi imodzi mwa nkhani za m'dera zimene ndime yachiwiri ikuti khonsolo izikazinena poyera.

Choncho makolo a ku Nathenje ndi ku Mitundu ali ndi poyambira. Pa msonkhano wa PTA wotsatira, aitanitse khansala wa wodi yawo ndipo amufunse mafunso omveka. Kodi zosowa za sukulu yathu zidalowa mu pulani ya boma? Komiti ya maphunziro idakumana liti, ndipo idakambirana zotani za dera lino? Ndalama za SIG za chaka chino zidafika? Ana olumala a m'midzi yathu adalembedwa? Wogwira ntchito yoteteza ana kuno ndani, ndipo amapezeka kuti? Khansala amene alibe mayankho apite akawatenge, adzabwere nawo pa msonkhano wina. Kufunsa kotere si chipongwe, ndipo si kupempha chifundo. Gawo 146 lidapatsa khonsolo udindo woimira ana amene savota, ndipo oyenera kuikumbutsa za udindowo ndi makolo awo amene amavota.