Za Ngongole Yosabvuta Kutenga

Milandu ya ngongole yacuruka pa mabwalo a mafumu ndi pamaso pa akuru a mpingo, kuno ku Thambani ndi m'dziko lonse la Mwanza. Timva za munthu wocotseredwa malata pa nyumba yace mvula iri pafupi, ndi za mkazi wothawira kwa abale ace ku Zobue usiku, kuopa anzace a banki m'khonde. Anthu awa sali akuba, ndipo ambiri a iwo sali aulesi. Colakwa cao ndi cimodzi, ndico cimene ndifuna kutsutsa pano: pokongola afunsa kuti, Ndilandira zingati? koma safunsa kuti, Ndidzabweza zingati, tsiku lanji, ndipo zidzacokera kuti?

Makolo athu anakongolanso. Munthu wakusowa anapita kwa mnzace kukapempha dengu la cimanga kapena mbuzi ya pa mlandu. Koma ulendo umenewo sanauyenda yekha. Mwini mbumba anadziwa, mkazi anadziwa, ndipo panakhala mboni yakumva pangano. Wokongolayo anali ndi njira yoyenda, usiku wogona ndi manyazi omgwira mwendo, ndipo zitatu izi zinampatsa nthawi yakulingalira. Ngongole za masiku ano zacotsa zonse zitatu, ndipo anthu ayesa kuti kumeneko ndiko kukoma kwace.

Citsanzo cacikuru ca ngongole yotere ndico kadi ya ngongole ya ku maiko a Azungu. Inayamba ku New York m'caka ca 1950 ndi kampani ya Diners Club, ndipo mu 1958 Bank of America inaturutsa yace, imene inachedwa Visa kuyambira 1976. Musaisokoneze ndi kadi imene ambiri ali nayo yotapira ndalama pa makina a pa banki ku Mwanza boma. Imeneyo iturutsa ndalama zanu zomwe, ndipo zikatha ikana. Kadi ya ngongole igula ndi ndalama za banki. Pakutha pa mwezi banki itumiza kalata yoonetsa zonse munagula. Mukalipira zonse tsiku loikika lisanapite, makadi ambiri safuna ciongola dzanja. Koma m'kalata momwemo alemba kacigawo kakang'ono, nati mukapereka aka kokha simunalakwe. Apa ndipo pali msampha, pakuti zotsalazo zibala ciongola dzanja mwezi ndi mwezi, ndipo wopereka kacigawo kokha akhoza kulipira zaka zambiri cinthu cimene cinang'ambika kale. Wocenjera ayesa kadiyo thumba lonyamulira ndalama zimene ali nazo kale, koma wopusa aiyesa malipiro aciwiri.

Wina adzati, Nanga ife a kumudzi, amene kadi yotere sitinaigwirepo, nkhani iyi itikhudza bwanji? Abale, kadiyo sinafike m'matumba mwathu, koma makhalidwe ace anafika kale, ndipo analowa pa makomo atatu.

Khomo loyamba ndilo lamya ya m'manja. Mayunitsi akatha, a TNM ali ndi Pasavute, a Airtel ali ndi Kutapa, ndipo munthu akongola ndi cala cimodzi ali cigonere pa mphasa. Palibe mboni, palibe womfunsa. Mtengo wa kukongolako uoneka waung'ono, cifukwa cace suwerengedwa. Koma tiyeni tiuwerenge monga ana a sukulu. Tiyese munthu akongola K1,000 sabata iri yonse, nalipirapo K100. Pa masabata 52 a caka wapereka K5,200 cifukwa ca K1,000 yomweyo, imene akadaisunga kamodzi kokha sakadakongolanso. Ndipo dzanja lozolowera kukongola zazing'ono silinjenjemera pofika pa zazikuru. Dziwaninso kuti ciyambire lamulo la 2010 la Credit Reference Bureau, mabanki ndi mabungwe obwereketsa apereka maina a okongola ku malo amodzi, kotero kuti wosabweza kwa mmodzi akhoza kupeza khomo lotseka kwa ena.

Khomo laciwiri ndilo banki m'khonde. Sindifuna kuinyoza, iai. Macitidwe awa anayambitsidwa ndi bungwe la CARE pakati pa akazi a ku Niger mu 1991, ndipo kuno kwathu afolera nyumba zambiri ndi malata, naphunzitsa ana ambiri. Ciongola dzanja cace sicipita kwa mlendo; cibwerera kwa eni ace tsiku logawana. Koma taonani cimene cicitika pa khondepo. Mai wakongola K100,000, ndipo gulu lapangana K20 pa K100 iri yonse pa mwezi. Mwezi ukatha alibe zonse, napereka K20,000 ya ciongola dzanja cokha. Anzace aomba m'manja, nalemba kuti sanalakwe. Acita cotero miyezi 5. Wapereka K100,000 yathunthu, ndipo K100,000 imene anakongola ikali ciimire, yosacepa ndi tambala imodzi. Kodi uku sikupereka kacigawo kaja ka kadi ya Azungu? Tsiku logawana likayandikira, alowa gulu laciwiri kuti abweze loyamba, ndi lacitatu kuti abweze laciwiri. Pali magulu enanso okakamiza munthu kukongola angakhale alibe cocita nazo ndalamazo, kuti thumba likule. Amenewo adya mnzao mwaulemu, ndipo ayenera kuleka.

Khomo lacitatu ndilo katapila, kumene afika iwo amene makomo ena awatsekera. Tiyese wakatapila afuna K50 pa K100 iri yonse pa mwezi, pakuti ena afuna zoposa pamenepo. K50,000 ikhala K75,000 mwezi woyamba, K112,500 waciwiri, K168,750 wacitatu. Palibe munda wa ku Thambani, ngakhale golosale ya pa msika, yobala msanga cotero. Anchito a boma, ndi aphunzitsi omwe, asiya kadi yao ya ku banki m'manja mwa wakatapila ngati cikole, pamodzi ndi nambala yace yobisika. Tsiku la malipiro iye ndiye ayamba kutapa, ndipo mwini thukuta alandira makombo, nakongolanso tsiku lomwelo. Pali lamulo lochedwa Loans Recovery Act, lopatsa bwalo la milandu mphamvu yakuonanso pangano la ciongola dzanja copyola muyeso. Koma ocepa apita kubwalo, cifukwa wokongola m'tseri aopa kuti kuunika kudzaonetsa iye yemwe.

Tsono funso lacitatu lija, lakuti zidzacokera kuti, ndilo lopambana onse, ndipo ife alimi tiliyankha mofulumira kuti, Ndidzakolola. Koma akuru anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Kumbukirani caka ca 2017. Nandolo anali ndi mtengo wabwino zaka zapambuyo pace, ndipo anthu anakuza minda. Mu August caka cimeneco boma la India, kumene nandolo wathu wambiri apita, linaika malire pa nandolo wolowa m'dziko mwao, ndipo mtengo unagwa kufikira matumba anangokhala m'nyumba. Mtengo unagwa, koma ngongole siinagwe nao. Kumbukiraninso November 2023, pamene Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya Kwacha ndi 44 pa 100. Wokongola ndalama za feteleza asanagule anapeza kuti sizifikanso pa matumba amene anawerengera. Mu 2024 Reserve Bank yomweyo inakweza ciongola dzanja cace kufika 26 pa 100 pa caka, ndipo mabanki abwereketsa anthu pamwamba pa pamenepo. Momwemonso iye wolandiriratu ndalama za manachesi ace akali awisi mumtengo wakongola ndithu, angakhale acicha malonda; pakuti kusiyana kwa mtengo wa zipatso zosapsa ndi wa zakupsa ndico ciongola dzanja cace.

Ndipo kusabweza sikupweteka mmodzi yekha. Akuru akumbukira makalabu a alimi amene analandira mbeu ndi feteleza pa ngongole ya boma, nabweza bwino zaka zambiri. Citapita cilala ca 1992, anthu ambiri sanabweze, ena posowa, ena poona kuti anzao sabweza, ndipo ngongoleyo inafa, nkusowa onse, okhulupirika omwe. Gulu la pa khonde lifa imfa yomweyo.

Sinditi ngongole iri yonse ndi yoipa. Iripo ngongole yogwira nchito ndi ngongole yodyedwa. Yogula mbuzi yaikazi, makina osokera kapena feteleza wa munda wopaliridwa bwino ikhoza kudzibweza yokha. Yogula nsaru ya pa ukwati wa mnansi, lamya yoposa ya mnzako, kapena madyerero a Krisimasi, itha tsiku limodzi, nitsala miyezi. Ndidziwanso kuti pali usiku umene mwana adwala, ndipo galimoto yonka ku cipatala ca ku Mwanza ifuna ndalama pomwepo. Wokongola pa tsoka lotere sitimweruza. Woyenera kudzudzulidwa ndiye mbale amene aona misozi ya mnzace nayesa kuti wapeza msika.

Cifukwa cace ndipempha owerenga zinthu zinai. Coyamba, musanalandire ndalama, lembani pa pepala zonse mudzabweza, ndi tsiku lace. Wobwereketsa akakana kuchula ciwerengero conse, cokanipo. Caciwiri, pobweza musapereke ciongola dzanja cokha; dulaniko ndi ku mutu wa ngongole mwezi uli wonse, cingakhale pang'ono, ndipo mukakhala ndi ngongole zingapo yambani kupha yobala msanga. Cacitatu, musakongole kuti mubweze ngongole yina. Mukaona kuti mulephera, pitani kwa mwini ndalama tsiku lisanafike, mutenge mboni, mupangane za kubweza pang'ono pang'ono. Cacinai, pasakhale ngongole yobisira mwamuna kapena mkazi wanu, pakuti tsiku lolanda mbuzi ndi ziwiya alanda za nonse awiri. Ndipo amene mwa ana athu a ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg apatsidwa kadi ya ngongole ndi banki, muwalembere kuti agule nayo cokhaco cimene akhoza kulipira conse pakutha pa mwezi.

Inu asungicuma ndi alembi a magulu, mphamvu yaikuru iri m'manja mwanu. Musanatsegule bokosi, funsani wokongola cimene akacita nazo ndalamazo, ndi magulu angati alimo. Adzakwiya lero, koma m'nyengo ya mvula adzagona pansi pa malata ace. Makolo anali ndi mboni ndi usiku wolingalira popanda kuzifuna. Ife tiyenera kuzibwezera dala. Cotero munthu akafuna ngongole yosati ya matenda kapena maliro, agone kaye usiku umodzi, auze wa m'nyumba mwace, awerenge ndi pensulo, ndipo kukaca, ciwerengero cikamlola, apite.

Mphunzitsi, Thambani.