Kupeta Mfundo Pamtsutso: Zimene "Chiwembu" cha 1959 Chikutiphunzitsa

Mayi wogula usipa padoko la ku Makuzi sapereka ndalama chifukwa chakuti msodzi walumbira kuti nsomba ndi zalero. Amapisa dzanja mpaka pansi pa ndowa, n'kununkhiza. Wophunzira wa Chichewa ayenera kuchita chimodzimodzi ndi mfundo za pamtsutso, za m'chimangirizo, ndi za ampangankhani m'masewero. Mawu akhoza kukoma pamwamba, pansi pali zoola. M'mutu uno tiona momwe tingapetere mfundo pogwiritsa ntchito nkhani yeniyeni imene idaphetsa anthu m'boma lathu lino la Nkhata Bay.

Nkhani yake mwachidule

Pa 25 Januwale 1959 atsogoleri a Nyasaland African Congress adachita msonkhano wachinsinsi patchire kufupi ndi Blantyre. Iwo ankalimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chidayamba mu 1953. Dr Hastings Kamuzu Banda sadakhale nawo pamsonkhanowo. Patapita masiku, akazitape adauza apolisi kuti kumeneko kwapanganidwa chiwembu chopha Azungu, Amwenye ndi Amalawi ogwirizana ndi boma. Pa 3 Malichi Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo anthu oposa 1,000 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Ku Nkhata Bay omangidwa adawakweza m'sitima ya Mpasa. Khamu la anthu lidakhamukira kudoko kufuna abale awo, asilikali n'kuwombera. Anthu osachepera 20 adafa tsiku limenelo. N'chifukwa chake pa 3 Malichi timakumbukira anthu ofera dziko.

Boma la Britain lidatumiza komiti ya anthu anayi, yotsogozedwa ndi woweruza milandu Patrick Devlin, kuti ifufuze. Lipoti lake lidatuluka mu Julaye 1959. Tikaika zonena za boma pambali pa zimene komitiyo idapeza, tikuona misampha inayi.

1. Umboni wa kandimverere

Ambiri mwa akazitape aja sadali pamsonkhano. Ankanena zimene adamva kwa ena. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Nkhani ikadutsa m'kamwa mwa anthu atatu imafika itavala zovala zina, makamaka ngati woitumiza akudziwa zimene bwana wake akufuna kumva. Choncho pomva mfundo, funso loyamba likhale lakuti: wanenayu adaona yekha, kapena adauzidwa? Ndipo apindulapo chiyani tikamukhulupirira? Mawu monga "akuti", "aliyense akudziwa" ndi "zamveka kuti" ndi belu lokuchenjezani kuti umboni ndi wopepuka.

2. Kukoka choonadi chaching'ono

Apa ndiye pagona phunziro lalikulu. Komiti ya Devlin sidanene kuti a Congress adali opanda banga. Idapeza kuti pamsonkhano paja padalankhulidwa zachiwawa, ndipo idavomera kuti Bwanamkubwa adali ndi chifukwa chochitirapo kanthu. Chimene idakana ndi chakuti padali dongosolo lokonzedwa bwino lopulula anthu. Taonani kusiyana kwake. "Anthu ena adayankhula zoopseza" ndi mfundo imodzi. "Chipani chapangana tsiku lopha anthu" ndi mfundo ina. Boma lidatenga yoyamba, imene idali ndi umboni, n'kuikoka mpaka kufika pa yachiwiri, imene idalibe.

Bodza lamkunkhuniza silivuta kuligwira. Lovuta ndi bodza limene laberekedwa pamsana pa choonadi, chifukwa mukati mutsutse, mnzanuyo amaloza kachoonadi kaja n'kuti, "Kodi izi sizidachitike?" Yankho labwino ndi kuvomera zimene zili zoona, kenaka n'kusonyeza pamene wayambira kukokomeza. Pamtsutso wa m'kalasi wina akati, "Atsikana awiri asiya sukulu chifukwa cha mafoni, ndiye kuti mafoni awononga atsikana onse," musakane za atsikana awiriwo. Funsani momwe awiri asandukira onse.

3. Kuopseza m'malo mofotokoza

Nkhani ya chiwembu itafika ku Nyumba ya Malamulo ku London, aphungu ofuna kufunsa mafunso adaoneka ngati osasamala za miyoyo ya anthu. Umu ndi momwe mantha amagwirira ntchito: amatseka pakamwa. Wotsutsa wochenjera amakupatsani njira ziwiri zokha, kuti mugwirizane naye kapena mugwe m'tsoka, ngati kuti njira yachitatu palibe. Koma onani mapeto ake. Pa chipwirikiti chonsecho sipadafe Mzungu, pamene Amalawi pafupifupi 50 adaphedwa. Mfundo ikakuchititsani mantha musanaimvetse, imani kaye. Funsani ngati choopsacho chasonyezedwa kapena changotchulidwa.

4. Kunyoza munthu m'malo moyankha mfundo

Lipoti la Devlin lidanena kuti pa nthawiyo Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma la Britain silidakondwe. Nduna Yaikulu Harold Macmillan, polemba m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku, adafunafuna chifukwa mwa Devlin mwiniwake: kuti ndi wa magazi a ku Ireland, ndiponso kuti adali wokhumudwa chifukwa sadapatsidwe udindo wa mkulu wa oweruza. Tiyerekeze kuti zonsezo zidali zoona. Kodi zikadasintha chiwerengero cha anthu amene adafa padoko la Nkhata Bay? Kodi zikadabweretsa mboni imene idamva dongosolo la chiwembu? Ayi. Munthu akasiya mfundo n'kuyamba kukamba za mtundu, chipembedzo, msinkhu kapena kwawo kwa mnzake, nthawi zambiri ndiye kuti zoyankha zamuthera. Ife timazimva izi tsiku ndi tsiku: "Mwana ngati iwe ungatiuze chiyani?" kapena "Wobwera angadziwe za kuno?"

Msampha wa wophunzira mwini

Chaka chilichonse ndikapereka nkhaniyi m'kalasi, ophunzira ena amalemba kuti, "Zonse zimene atsamunda adanena zidali bodza." Ndimamvetsa mkwiyo wawo, poti ena mwa iwo ndi zidzukulu za anthu a m'boma lomwe lino. Komabe chiganizo chimenechi chagwa mumsampha wachiwiri uja. Nachonso chakoka choonadi. Lipoti la Devlin lidali ndi mphamvu chifukwa lidavomera zolakwa za mbali zonse, moti pamene lidati chiwembu padalibe, kudali kovuta kulitsutsa. Pasanathe chaka, pa 1 Epulo 1960, Dr Banda adatulutsidwa m'ndende ya Gweru. Wopeta mfundo ayambe ndi mfundo za mbali imene iye akuikonda.

Momwe mungagwiritsire ntchito pamayeso

Pa mayeso a MSCE mukhoza kufunsidwa khalidwe la mpangankhani. Musangoti "ndi wabodza" kapena "ndi wachinyengo". Sonyezani njira imene wanyengera nayo: kodi wadalira zakumva, wakokomeza, waopseza, kapena wanyoza? Perekani chitsanzo cha m'nkhanimo. Samalaninso ndi miyambi. Mpangankhani akati mawu a akuluakulu akoma akagonera, si ndiye kuti wapambana mlandu. Mwambi umakometsa mfundo, koma sulowa m'malo mwa umboni.

Polemba chimangirizo cha mtsutso, ndime iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi, umboni wake, ndi kufotokoza momwe umboniwo ukuchirikizira mfundoyo. Pewani mawu akuti "onse", "nthawi zonse" ndi "palibiretu" ngati simungathe kuwatsimikiza. Tchulani mfundo yamphamvu ya mbali inayo ndi kuiyankha mwaulemu. Wochonga amazindikira msanga wophunzira amene waganiza ndi amene wangokuwa.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani kusiyana kwa zimene boma lidanena ndi zimene komiti ya Devlin idapeza.
2. N'chifukwa chiyani bodza losakaniza ndi choonadi limavuta kulitsutsa?
3. Sankhani mpangankhani mmodzi m'buku limene mukuwerenga. Sonyezani msampha umodzi umene wagwiritsa ntchito pokopa anzake.
4. Lembani ndime imodzi yoyankha mfundo iyi popanda kunyoza woinena: "Usipa wachepa chaka chino, choncho asodzi onse amagwiritsa ntchito maukonde oletsedwa."