Cida Nca Yani? Munthu wa Nchito m'Makanema Atatu

Makolo athu anati nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka, ndipo cifukwa ca ici ambiri a ife timayesa kuti munthu wokhala ndi khasu lacelace ndiye mfulu. Koma alipo makanema atatu a kunja amene atsutsa ganizo limeneli. Nkoyenera kuwayang'ana pamodzi, pakuti onse afunsa funso limodzi: kodi cida cogwirira nchito nca yani, ndipo cikaonongeka alira ndani?

Woyamba ndi Modern Times, amene Charlie Chaplin anamturutsa ku America m'caka ca 1936, pamene anthu ambirimbiri anali pa ulova. M'menemo makina onse ndi a mwini fakitale. Wanchito angobwera ndi manja ace, nalimbitsa manati pa lamba woyenda kufikira manjawo akana kuleka ngakhale iye atacoka pa lambapo. Pambuyo pace makinawo ammeza. Bwana aoneka ndi maso: akhala mu ofesi, nayang'anira anchito pa galasi, namdzudzula mnzathuyo pamene wabisala kucimbudzi kusuta fodya. Tiseka ndithu, koma wozunza timdziwa nkhope yace.

Waciwiri ndi Ladri di biciclette, ndiko kuti akuba njinga, wa Vittorio De Sica, wa m'caka ca 1948. Antonio Ricci wa ku Roma apeza nchito yomata mapepala a zolengeza pa makoma, koma auzidwa kuti popanda njinga nchito palibe. Njinga yace iri pa cikole. Maria mkazi wace ayalula nsaru za pakama, nakazipereka cikole kuti aombole njingayo. Apa De Sica acita cinthu ca luso lalikuru: aonetsa munthu wa m'nyumba ya cikoleyo akukwera mashelefu atalitali odzaza mitolo ya nsaru za mabanja ena. Palibe anena kanthu, koma taona kale kuti umphawi wa Antonio uli mzinda wonse. Tsiku loyamba lomwe la nchito njinga ibedwa. Atafunafuna osaipeza, Antonio ayesa kuba ya wina, nagwidwa, nacita manyazi pamaso pa Bruno mwana wace. Wosewera Antonio, Lamberto Maggiorani, anali wanchito wa m'fakitale weniweni, ndipo mayendedwe ace olema ndi a munthu wodziwa thukuta.

Wacitatu ndi Sorry We Missed You, wa Ken Loach, wa m'caka ca 2019. Ricky wa ku Newcastle, ku England, auzidwa kuti salembedwa nchito ai, koma adzakhala bwana wa iye mwini, napereka katundu m'makomo. Galimoto ayenera kupeza yekha. Comweco agulitsa ya mkazi wace Abbie, amene asamalira nkhalamba ndi odwala m'nyumba zao, ndipo mayiyo ayamba kuyenda pa basi. Tsono kapitao weniweni ndi kamakina ka m'manja kowerenga mphindi zace. Akajomba alipira. Acifwamba atammenya naphwanya kamakinako, auzidwa ali m'cipatala kuti alipirenso.

Taonani tsono cimene cacitika m'zaka 83 zimenezi. Cida cacoka m'manja mwa bwana nkulowa m'manja mwa wanchito, koma ulamuliro sunasamuke. Cimene casamuka ndi ngongole ndi tsoka. Makina a Chaplin akafa alira mwini fakitale. Njinga ikabedwa, galimoto ikaima, lilira banja.

Mwa atatuwa ife tiika De Sica patsogolo. Chaplin atiseketsa, natsiriza ndi anthu awiri akuyenda pa mseu ndi ciyembekezo, monga ngati mseu udyetsa munthu. Loach anena zoona, koma aunjika matsoka pa banja limodzi kufikira woonera adziwiratu cotsatira. De Sica yekha alimba mtima kutionetsa kuti wobedwa ndi wakuba angathe kukhala munthu mmodzi, ndi kuti njala ndiyo iwasiyanitsa masiku okha.

Inu amene mudzaphunzitsa ana kuwerenga nthano, aphunzitseninso kuwerenga zithunzi. Akaona munthu pa kanema ali pa nchito, asafunse za malipiro okha. Afunse mwini cida, afunsenso amene adzasenza mlandu tsiku limene cidaco cidzathyoka.