Luso lowerenga chigoba cha dzira la sauropod

Katswiri akatola kachidutswa ka chigoba cha dzira la sauropod, zinyama zakalekale zija za makosi ataliatali, sathamangira kutchula mwini dziralo. Amayamba wakamiza mu utomoni wouma gwa, n'kukacheka mopingasa, n'kukamata pagalasi. Kenako amakapala pang'onopang'ono mpaka katsale mamilimita 0.03, kupyapyala koti kuwala kumadutsa. Dzanja likangolemera pang'ono, kachidutswako katha.

Pa maikulosikopu m'pamene mamangidwe ake amaonekera bwino. Chigobacho n'chopangidwa ndi timizati ta calcite toima moyandikana, kalikonse kothina kunsi n'kumatambasuka kumtunda ngati mtolo wa udzu womangidwa kutsinde. Mutu wa kamzati kalikonse umatukumuka kunja, n'chifukwa chake dziralo limakhala la tiziphuphu thupi lonse. Pakati pa timizatito pamadutsa timabowo topumira mwana akadali m'kati. Katswiri amayeza kuchindikala kwa chigoba, msinkhu wa timizati ndi kuchuluka kwa timabowo. Timabowo tikachuluka kwambiri, ndiye kuti dziralo likanauma msanga likanasiyidwa pamtetete. Apa amadziwa kuti mwini wake ankalikwirira m'dothi kapena m'zomera zowola, ngakhale chisacho chinafafanizika kalekale.

Koma chosiririka kwambiri pantchitoyi ndi kudziletsa. Dzira ndi mafupa sizipezeka pamodzi kawirikawiri, ndipo kupezeka m'dothi limodzi si umboni wa ubale. Mu 1859, wansembe Jean-Jacques Pouech atapeza zigoba kumwera kwa France, anaganiza kuti n'za mbalame yaikulu. Patapita zaka khumi, Philippe Matheron anapeza zina ku Provence pafupi ndi mafupa a nyama yomwe anaitcha Hypselosaurus, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankangoti mazira a kumeneko ndi a nyamayo.

Zhao Zikui wa ku China, m'zaka za m'ma 1970, ndi Konstantin Mikhailov wa ku Russia, cha m'ma 1990, anakhazikitsa njira ina. Dzira lizikhala ndi dzina lakelake, mtundu wake ndi banja lake, potengera zimene zikuoneka m'chigoba basi. Mazira obulungira a tiziphuphu aja analowa m'banja la Megaloolithidae. Amapezeka ku France, Spain, Romania, Argentina ndi India, komwe kafukufuku wa mu 2023 anawerenga mazira 256 m'zisa 92 kuchigwa cha Narmada.

Umboni wa mwini mazira unabwera mu 1997 ku Auca Mahuevo, m'chigawo cha Neuquén ku Argentina. Luis Chiappe, Lowell Dingus, Rodolfo Coria ndi anzawo anapeza mazira osawerengeka a zaka pafupifupi 80 miliyoni, ena mwa iwo muli tiana tomwe tinafa tisanaswe. Munali timafupa ta mutu, timano towongoka, ngakhalenso zidindo za khungu lawo la mamba. Tinali ta titanosaur, gulu lomwe mulinso Malawisaurus wa ku Karonga. Apa ndiye panali poimira ponena kuti chigoba chotere n'cha sauropod.

Komabe akatswiri sanafute dzina la dzira n'kulembapo la nyama, ndipo anachita bwino. Ku Tuștea, m'dziko la Romania, mazira a Megaloolithus anapezeka limodzi ndi mafupa a tiana ta Telmatosaurus, nyama yomwe si sauropod n'komwe. Ena amati nyama zosiyana zinkatha kuikira mazira a zigoba zofanana. Ena amati timafupato tinangokumana ndi mazira a eni ake. Mkanganowo ukupitirira, koma sugwedeza kaundula wa mazira, chifukwa dzina la Megaloolithus linaikidwa pa zinthu zimene aliyense wokhala ndi galasi ndi maikulosikopu angathe kuziyezanso yekha.