Nyenyezi Zisanu ndi Mlandu Wopanda Bwalo: Maganizo pa Buku la Uberland

Buku la mai Alex Rosenblat lotchedwa Uberland, limene linatuluka m'chaka cha 2018, likusimba za moyo wa oyendetsa magalimoto a Uber m'mizinda ya ku United States ndi Canada. Ena angafunse chifukwa chimene ife tikutayira nthaŵi pa nkhani ya kutali chotere. Yankho lathu ndi lakuti Uber inafika ku Johannesburg m'chaka cha 2013, ndipo anyamata a kwathu amene amapita ku Joni amakapeza ntchito za mtundu womwewu zikuŵadikira.

Mphamvu ya bukuli ili pa kutionetsa bwana wosaoneka. Ulendo ukatha, wokwera amapatsa dalaivala nyenyezi, kuyambira 1 kufikira 5. Nyenyezizo zikatsika kupitirira malire amene kampani inaika, dalaivala angathe kutsekeredwa ntchito. M'chaka cha 2017 mai Rosenblat ndi anzao atatu analongosola choopsa chake: malamulo amaletsa wolemba ntchito kuchotsa munthu chifukwa cha khungu kapena mtundu wake, koma tsankho la wokwera limaloŵera m'nyenyezi, kampani nkulilandira ngati chiŵerengero chosalakwa.

Pamenepa tikuvomerezana nawo. Ku Malingunde munthu akapalamula, mlandu umapita ku bwalo la mfumu. Wodandaula amaonekera, mboni zimalankhula, woimbidwa mlandu amayankha. Wakabaza wa pa Mitundu kapena pa Nathenje akachita chipongwe, womudzudzula amakhala munthu wodziŵika nkhope, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Koma nyenyezi imodzi sinena chifukwa. Dalaivala sadziŵa ngati walangidwa kaamba ka liŵiro kapena kaamba ka kalankhulidwe kake kachilendo, ndipo chimene sachidziŵa sangachikonze.

Komabe bukuli liri ndi malire ake. Maso a mlembi ali pa America, kotero salankhula za mlendo wa ku Malaŵi woyendetsa m'dziko limene alendo anaphedwa ndi kuthamangitsidwa m'zaka za 2008 ndi 2015. Munthu wotere saopa nyenyezi zokha, amaopanso kukadandaula. Tiyeneranso kunena kuti wokwera naye ali ndi ufulu. Mai woyenda yekha usiku ayenera kukhala ndi njira yonenera dalaivala wachipongwe. Ndipo tisadzinamize kuti pa siteji ya kabaza palibe kukondera, popeza kumenekonso mbale amasankha mbale. Nyenyezi zikhalepo, koma zisakhale woweruza wotsiriza.

Zaka zotsatira zaonjezapo zimene bukuli silikanatha kunena. M'chaka cha 2021 bwalo lalikulu la ku Britain linagamula kuti madalaivala a Uber amene anasuma anali antchito oyenera chitetezo cha lamulo, ndipo linatchula nyenyezi ngati njira imodzi imene kampani imaŵalamulira nayo. M'chaka cha 2024 South Africa inasaina lamulo lozindikira magalimoto oitanidwa pa foni. M'chaka cha 2025 magazini ya Nature inafalitsa kafukufuku wa pa kampani ina yotumiza amisiri m'makomo: atachotsa nyenyezi zisanu nkusiya mayankho aŵiri okha, zabwino kapena zoipa, kusiyana kwa pakati pa azungu ndi antchito a mitundu ina kunazimirira. Ndiye kuti muyeso ungathe kukonzedwa, ndipo amene akana kuukonza ali ndi mlandu.

Ife amene tidzakhala m'maparishi momwe anyamataŵa amachokera tiyenera kufunsa boma zinthu zitatu ntchitozi zisanazike mizu kuno: kuti wochotsedwa aziuzidwa chifukwa, kuti azimvedwa ndi munthu osati makina, ndi kuti kampani izionetsa kwa oyang'anira ngati nyenyezi zake zikulemera mbali imodzi. Apapa Yohane Paulo II, m'kalata ya Laborem Exercens ya 1981, anaphunzitsa kuti amene amakonza malamulo a ntchito nawonso amasenza udindo pa wantchito. Bukuli ndi loyenera kuliŵerenga, koma funso la mlendo latsalira ife.