Kutsogolera ndi Kuvomera pa Chikondwerero cha Tumaini

Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kunali ndende m'masiku a Kamuzu Banda, koma m'chaka cha 1994 malowo anasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo ochokera ku Congo, Rwanda, Burundi ndi maiko ena. Kumeneko ndiko mlakatuli wa ku Congo, Menes La Plume, anayambitsa m'chaka cha 2014 chikondwerero cha nyimbo ndi magule chotchedwa Tumaini, ndilo liwu la Chiswahili lotanthauza chiyembekezo. Tsono wophunzira za zinenero ayenera kufunsa: kodi Mchewa wa m'midzi yozungulira, wosamva Chirundi kapena Chilingala, akondwera nazo chifukwa ninji nyimbo za alendowa?

Za ng'oma n'zosavuta. Anyamata a ku Burundi alowa m'bwalo atasenza ng'oma zazikulu pamutu, akuziomba ali chiyendere, nazitula mozinga ng'oma yapakati imene alandizana mmodzimmodzi. Wailesi ikhoza kutumiza kulira kwake, koma kunjenjemera kwa nthaka kumene munthu akumva m'mapazi ndi m'chifuwa kutsala komweko.

Nkhani yaikulu ili pa makwaya a nyimbo zauzimu, pakuti kumeneko kuli mawu. Ena mwa mawuwo ndi achibale: Mungu wa Mswahili sali kutali ndi Mulungu, ndipo umutima wa Mrundi ndi motema wa Chilingala ndiwo mtima womwewu. (Koma wophunzira achenjere, chifukwa moyo pa Chiswahili ndiye mtima.) Komabe chibale cha mawu sichikwanira kufotokoza chimwemwe chonsecho. Chimene chigwira Mchewa ndicho kamangidwe ka nyimbo. Wotsogolera aponya ndime, khamu nilandira ndi mawu ochepa obwerezabwereza. Ndipo munthu amene anakulira m'chimtali ndi m'nyimbo za pamtondo adziwa polowera asanadziwe tanthauzo. Pofika kachitatu iyenso ali kuvomera, ngakhale akhotetse mawu ena.

Apa pomwe ndipo pali chodandaulitsa. Makwaya ambiri a masiku ano, a Chichewa omwe, aimba motsata kiyibodi yokhala ndi ng'oma zake zojambuliratu, ena motsata chimbale chenicheni. Makina sadikira munthu. Nyimbo ikawagwira anthu, wotsogolera wanzeru afuna kubwereza ndime, kapena kutsitsa mawu kuti amayi a kumbuyo amveke. Koma makinawo apitirira ndi liwiro lawo, nayenso awathamangira. Zokuzira mawu zikakwezedwanso, wovomera sadzimva yekha, naleka. Inde anthu avina ndithu, fumbi nilikwera, koma pakamwa pali potseka, ndipo wosamva chinenerocho watsala woonerera chabe.

Kwaya yoimba ndi mawu, m'manja ndi ng'oma imodzi ilibe vuto limeneli. Woomba ng'oma ayang'ana wotsogolera, wotsogolera ayang'ana khamu, ndipo nyimbo itha pamene ovomera atopa.